A Nyamhango ndi Nsambo za Michiru

Loweruka lapitali ndinapita ku mwambo wokumbukira a Nyamhango, ndipo ndinabwerako ndi nseru imene mpaka lero sinandithere. Patha chaka chimwalirireni mayi amenewa. Amene anakonza mwambowo ndi a Makwinja, mwini mashopu a simenti ndi malata, omwe masiku ano akulamulira gulu loimba lija a Nyamhango anayambitsa m'galaja yawo ku Chilomoni. Anabwereka holo m'tauni, anaitana ojambula, pakhomo n'kupachikapo chinsalu chachikulu. Pachinsalupo nkhope ya a Makwinja inali yaikulu ngati chitseko, pamene ya malemu inali ngati sitampa, pakona penipeni.

Achinyamata anakwera pansanja atavala mawesikoti ofanana, mavayolini ali waliwali. Ambiri a iwo ndinali ndisanawaonepo. Nyimbo itangoyamba ndinaizindikira: inali ya pamtondo ija a Nyamhango anaiyala kuti iziimbidwa ndi mavayolini, kaligo ndi chelo, vayolini wamkulu uja woimika pansi. Koma inkamveka bwino mopitirira msinkhu wa ana amenewo. Nditatchera khutu ndinamva chelo changa chomwe, ndi kachizolowezi kanga kokoka uta mochedwa pomaliza ndime. Ndinayang'ana mtsikana amene anagwira chelo pansanjapo. Zala zake zinali phee, osasuntha. Zimene tinkamvazo zinkachokera m'masipika. Inali nyimbo imene ife tinajambulitsa kalekale, a Nyamhango ali moyo.

Kenako magetsi anathima. Masipika anangoti zii. Koma mauta anapitirizabe kukwera ndi kutsika, osatulutsa mawu ngakhale a udzudzu, chifukwa anali atawapaka sopo kuti asalire. Ana a eni ake ankapala mphepo pamaso pa anthu odzaza holo. Wina kumbuyo analephera kupirira, anaseka chikhakhali, holo yonse n'kufa nalo phwete.

"Mafana, musasiye, musasiye!" a Makwinja anakuwa akuthamangira kukhomo. "Iwe, liza jenereta!"

Ndinatuluka. Ndikutsika masitepe ndinamva m'mutu mwanga liwu limodzi lokha, mmene ankalitchulira mayi aja, milomo atapotoza: nyansi.

Liwu limeneli linali ngati dzina lawo lachiwiri. Kwawo kunali ku Rumphi, koma mu Blantyre anakhalamo nthawi yaitali kuposa ambiri a ife amene tinabadwira momwemuno. Anali mphunzitsi wa nyimbo kusekondale. Okamba amati limba lopalasa ndi mapazi anaphunzirira ku mishoni ali mtsikana, vayolini n'kudzaphunzirira kunja kumene anawatumiza kukawonjezera maphunziro a uphunzitsi. Eni ake sankakonda kufotokoza zimenezo. Atapuma pantchito, amuna awo atamwalira, anachotsa galimoto imene inangokhala panjerwa, n'kusesa galaja. Zida zoimbira anazitolera ngati nkhuni: zina kusukulu imene inasiya kuphunzitsa nyimbo, zina kwa azungu obwerera kwawo, zina zothyokathyoka zimene kalipentala wa ku Ndirande ankazimata iwo ataima pambali akumukalipira. Ife anatitola m'makwaya a m'matchalitchi a ku Chilomoni, Chemusa ndi Nkolokosa. Ine ananditola ku Chemusa. Gululo analitcha Nsambo za Michiru, poti tikatsegula chitseko cha galaja phirilo linkatisuzumira.

A Nyamhango anali aafupi, oonda, magalasi ali kunsonga ya mphuno, ambulera m'manja kaya kuli dzuwa kaya mvula. Potitsogolera ankagwira singano yolukira juzi. Munthu akawatchula kuti kondakitala, monga azungu amatchulira wotsogolera oimba, ankayankha kuti makondakitala ali pasiteji ya minibasi, iwo saitanira anthu a ku Limbe. Pulakatisi isanayambe tinkaonetsa zikhadabo. Chingamu ankatilavulitsa pakhomo. Kuchuna nsambo sankakuthamangira, ngakhale omvera atakhala kale pamipando. Ankati nsambo yosachunidwa ili ngati ndiwo zosasa, ungathiremo mchere wochuluka bwanji sizibwerera mwakale.

Sanandiuzepo kuti ndaimba bwino, ndipo sindikudziwa amene anamuuzapo. Ukachita bwino ankangokhala chete n'kutsegula tsamba lina. Ukalakwitsa chifukwa chosadziwa, ankabwereza nawe mpaka dzuwa kupendeka, osaonetsa kutopa. Koma ukalakwitsa n'kuyesa kubisa, kumangosuntha uta osakhudza nsambo kuti ubisale mwa anzako, pamenepo ndiye singano inkagwa pansi, Chitumbuka n'kutuluka.

"Yayi! Ngati sudziwa, lakwitsa mokweza ndikumve. Zonamizirazo ndi nyansi."

Zimene tinkaimba zinalibe dzina. Tsiku limodzi lomwelo tinkatha kuyamba ndi nyimbo ya azungu amene anafa kalekale, yolembedwa m'manotsi, kenako n'kulowa m'gule wa tchopa, chelo chikuyenda mmene imayendera ng'oma yaikulu, mavayolini akuyankhana ngati amayi pamtondo. Pakati pathu pankakhala a Muhiwa, telala wopuma wa ku Bangwe, mkulu wa mpingo, ndi kaligo kawo ka nsambo imodzi. Manotsi sankawerenga, ndipo a Nyamhango sanawakakamizepo. Ankabwera Loweruka lililonse atavala jekete losoka okha, tayi pakhosi, nsapato zopolishidwa, ngati akupita kukalalikira. Mwa anthu onse, ndi okhawa amene a Nyamhango ankawapatsa tiyi m'kapu ya mbale yake.

Adani anali nawo mbali zonse, ndipo ndikuganiza kuti zinkawakomera. Dokotala wina amene anakhalitsa ku Ulaya anabwera kudzatimvera, n'kunena kuti n'kulakwa kusakaniza nyimbo zolemekezeka ndi za kumudzi. Pasanapite nthawi mnyamata wina wa payunivesite anawauza pamaso kuti vayolini ndi chida cha atsamunda, ana a Amalawi aziimba zawo. Onse awiri anawayankha chimodzimodzi: chimanga nachonso chinabwera pa sitima ya pamadzi, koma sanaonepo munthu akuchifunsa pasipoti asanadye. Atatero ankatsegula geti n'kuima pambali mpaka mlendoyo atatuluka.

Ndi akuluakulu a tchalitchi chawo anayambana chifukwa cha limba. Mpingo utagula kiyibodi ija yoti ukangodina batani imadziimbira yokha ng'oma, limba lakale analitulutsa n'kuliika kuseri kwa nyumba ya abusa, nkhuku n'kumaikiramo. A Nyamhango anaimirira mumsonkhano wa mpingo n'kunena kuti Mulungu tayamba kumupatsa chakudya cha m'chitini. Kuyambira pamenepo ankapemphera atakhala panja, pansi pa windo, ndipo kiyibodi ikayamba ankatsegula ambulera. Mwini bala ya kuseri kwawo, amene masipika ake ankagwedeza malata, anamuyendera kangapo. Atalephera kumugonjetsa ndi pakamwa, anatitenga tonse Loweruka lina masana, n'kukatikhazika pakhomo pa balayo kuti tichunire nsambo pomwepo. Oledzera anayamba kutipempha nyimbo, ndipo mwini wake anatsitsa yekha masipika. Chigwirizano chawo chinakhala choti iye aziyamba phokoso ife tikaweruka.

Ngakhale mayi anga anawalawa. Anabwera kugalaja tsiku lina atamva kwa anansi mmene chelo chimagwiridwira.

"Madamu, mwana wamkazi kukhala chotangadza pagulu, chinthu chili pakati pa miyendo? Ife sitinaleredwe choncho."

A Nyamhango anawakhazika pampando n'kundiuza kuti ndiimbe. Nditamaliza anafunsa, "Mwamva chiyani, amake Thoko? Miyendo kapena nyimbo?"

Sabata yotsatira mayi anga anandisokera siketi yaitali, yotakata.

Amene ankalimbana nawo kwambiri ndi Yamikani, mnyamata wa ku Nkolokosa, katswiri wathu pa vayolini. Iye ankapanga mabiti pa laputopu, ngati amene amamveka m'maminibasi, ndipo ankafuna kuti tiwalowetse m'nyimbo zathu. Ulendo woyamba a Nyamhango anangomva pang'ono n'kunena kuti chigayo cha pamsika chimaimba bwino kuposa zimenezo. Patapita masabata anamuitana, n'kumuuza kuti ngati nyimboyo ndi yakedi aichotse m'makinamo, ailembe kuti anthu aiimbe ndi manja. Anakangana pa ndime iliyonse, wina akufufuta zimene mnzake walemba, ife tikungodikira zida zili pamiyendo. Imene inatuluka m'mikangano imeneyo ndi nyimbo imene ana asukulu ankatipempha kulikonse kumene tapita.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Ntchito imeneyo aigwira kale a Makwinja. Lilime lawo linali lakuthwa, ndipo nthawi zina linkacheka osalakwa. Mtsikana wina wa chitoliro anamuuza pagulu kuti makutu ake ndi okongoletsera mutu basi. Pepani analibe m'kamwa mwawo. Akadziwa kuti akulakwira ankangokuikira nthochi m'chikwama cha chida chako, osanena kanthu. Kwa mtsikana uja nthochi zinachedwa. Sanabwererenso, ndipo ndikakumana naye m'tauni dzina la mayiwa safuna n'kulimva komwe.

Anadwala mwadzidzidzi nthawi ya mvula. Anagwa m'bafa, mbali imodzi n'kufa, ndipo sanayankhulenso mpaka kutisiya. Abale anaganiza zokawaika kwawo ku Rumphi, choncho ife tinatsanzikana nawo pa mapemphero a pakhomo. Ndi pamenepo a Makwinja anatulukira, atatha zaka osaponda pakhomopo. Anabwera ndi matenti, mipando ndi bokosi lonyezimira. Anapempha mpata woyankhula, n'kulira misozi yeniyeni. Ndinaiona ndi maso angawa ikutsikira m'kolala. Anati malemu anali ngati mayi awo owabala, gululi analiyambitsa limodzi, ndipo kuchipatala anawanong'oneza kuti asadzalisiye. Munthu amene sankatha kupempha ngakhale madzi! Mwana wa malemu, amene amakhala ku Joni ndipo za gulu sankazidziwa, anawagwira dzanja n'kuwathokoza. Maliro asanafike n'ku Mzimba komwe, lole inali itaima pagalaja kudzatenga zida, ati kukazisunga pabwino. Amene tinafunsa mafunso tinauzidwa kuti gulu likufuna nkhope zatsopano. Dzina analisintha, n'kulowetsamo lawo.

Kuti mumvetse chifukwa chake misozi ija inandinyansa, ndibwerere m'mbuyo, ku phwando la ku Namiwawa.

A Makwinja anayamba kutizungulira gulu litayamba kudziwika. Anadzitcha bambo wa gulu, anatibwereka chipinda chachikulu kuseri kwa shopu yawo ku Limbe, ndi lole yonyamulira zida. A Nyamhango sankawakhulupirira. Ankati munthu wowomba m'manja nyimbo isanathe samvera nyimbo, amamvera manja ake. Koma galaja inali itatichepera, ndiye analola.

Tsiku lina a Makwinja anatiuza kuti kukubwera alendo ochokera kunja, a bungwe lina lothandiza za luso, ndipo akakondwera nafe akhoza kutitengera kwawo kukaimba. Kwa ife amene ndege tinkangoionera m'mwamba, nkhaniyi inali yosowetsa tulo. Phwando linali masana, pakapinga wa kunyumba kwawo ku Namiwawa. Titafika, a Nyamhango anapita kukaona mmene mipando yaikidwira, ife n'kutilowetsa kuseri, kufupi ndi nyumba ya antchito. Kumeneko a Makwinja anakokera a Muhiwa pambali, jumbo ili m'manja.

"Madala, inu ndiye chikoka cha lero. Azunguwa masuti anawasiya kwawo, akufuna Afirika weniweni. Vulani izi, muvale izi. Mukhala pamphasa, kutsogolo."

M'jumbomo munali chikopa cha mbuzi chosafufutidwa bwino, ndi chisoti cha nthenga za nkhuku.

"Bwana, ine ndine mkulu wa mpingo," a Muhiwa anatero motsitsa. "Ngakhale bambo anga, amene anandiphunzitsa kaligo, sanavalepo zotere."

"Ndi kanthawi kochepa, madala. Mukufuna anawa ulendo uwaphonye chifukwa cha jekete?"

A Muhiwa anatiyang'ana ife. Kenako anayamba kumasula mabatani. Ine ndinathamanga kukaitana a Nyamhango.

Pofika tinapeza a Muhiwa ataima pasimenti opanda nsapato, nthiti zili pamtunda, chipsera cha opaleshoni chili poyera, chikopa chikulendewera paphewa. Tayi anali ataipinda bwinobwino, ataigwira ndi manja awiri, akusowa poiika. Ntchentche zinali zitayamba kale kuwazungulira. A Makwinja anali atabwerera kwa alendo awo.

Ndinkayembekeza kuti a Nyamhango akuwa. Sanakuwe. Anandipatsa ambulera kuti ndigwire, n'kuwavula a Muhiwa chikopa chija. Anawaveka shati, kumanga mabatani limodzilimodzi, tayi n'kuimanga ndi manja awo. Kenako anagwada, mayi wamkulu ngati uja, kuwaveka nsapato.

"Mayi, musavutike, ndingovala basi. Anawa ali ndi tsogolo."

"Achimwene, khalani chete. Inu mukhala pampando woyamba."

Atatero ananyamula chikopa ndi nthenga n'kulunjika pakapinga, ife tikutsatira ndi zida. A Makwinja anali pakati pa alendo, tambula m'manja, suti ili mbee. A Nyamhango anafika akumwetulira, kumwetulira kumene ndinali ndisanakuonepo pankhope pawo, n'kuwakoleka chikopacho pamapewa, chisoti n'kuwakhazika pamutu. Kenako anatembenukira kwa alendo n'kuwauza m'Chingerezi chosalala kuti pakhomo pano pali mwambo: chovala chaulemu chimenechi amavala ndi mwini nyumba yekha, ndipo savula mpaka nyimbo zonse zitatha.

Alendo anawomba m'manja. Mafoni anatuluka. A Makwinja anayang'ana uku ndi uku, mano ali pamtunda. Kuvula sakanatha, poti akanafotokoza kuti chikopacho anakonzera ndani? Anakhala pampando wakutsogolo, dzuwa likuswa mtengo, thukuta likuyenderera m'nthenga, fungo la mbuzi likusunthitsa amene anakhala nawo pafupi. Ndipo a Nyamhango, amene sankabwereza nyimbo ngakhale anthu apemphe chotani, tsiku limenelo anabwereza iliyonse. Tinaimba ngati sitidzaimbanso. A Muhiwa anatseka maso, kaligo kakulira pamwamba pa mavayolini onse, mpaka mayi wina mwa alendowo anaika mbale pansi n'kusiya kudya.

Zotsatira zake sizinachedwe. Lole sinatibweze. Tinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, chelo chili kumsana ngati mwana, makondakitala akutiseka. M'mawa mwake chipinda cha ku Limbe chinali ndi loko watsopano, mipando yathu ataiponya panja. Za alendo aja sitinamvenso. Ankadzera mwa a Makwinja, ndipo zimene anawauza za ife akudziwa okha. Ena mwa ife anakwiya kwambiri. Yamikani anawayankhula a Nyamhango pamaso m'galaja.

"Madamu, inu kunja munapitako kale. Ife mwatitsekera mwayi chifukwa cha chikopa. Madala aja anali atavomera okha!"

"Anavomera chifukwa cha iwe. Ukanakwera ndege pamsana pa nkhalamba yovulidwa? Ukanakafika uko akanakuvula iwenso."

"Bola ndikanavulidwira kunja."

Anasiya vayolini pampando n'kutuluka, ena angapo n'kumutsatira. Anabwerera patapita miyezi, koma awiriwo sanayambirenso kukangana za nyimbo. Ankapatsana ulemu ngati anthu okumana kubanki, ndipo nyimbo zatsopano zinasiya kubadwa.

A Muhiwa nawonso anasiya kubwera. A Nyamhango anakwera minibasi mpaka ku Bangwe, ine ndikuwaperekeza. Tinawapeza pakhonde. Anatilandira mwaulemu, anatiphikitsira tiyi, koma nkhani itafika anapukusa mutu.

"Mayi, munandiveka, zikomo. Koma anawa anandiona. Ndikakhala bwanji pakati pawo nditamanga tayi?"

Tinatsanzika, tiyi wa a Nyamhango atazizira m'kapu. Pobwerera m'minibasi a Nyamhango sanatchule liwu lawo lija. Anangoti dziko lino limadziwa kuvula anthu kuposa kuwaveka. A Muhiwa sanabwererenso, ndipo mpando wawo a Nyamhango ankauikabe Loweruka lililonse, osalola wina kukhalapo.

Ine ndinkaganiza kuti manyazi a tsiku lija adzawatsata a Makwinja mpaka kumanda. Ndinkalota. Masiku ano akufuna mpando wa ndale, ndipo chithunzi chimene chamatidwa pamitengo ya magetsi, kuyambira pamsika wa Chilomoni mpaka ku Chemusa, ndi chomwe chija: iwo ali m'chikopa ndi nthenga, mano ali pamtunda. Pansi pake analembapo kuti munthu wokonda chikhalidwe chathu. Dzanja la a Nyamhango, limene linali paphewa pawo, analidula pachithunzipo. Ukayang'anitsitsa umaona nsonga za zala zokha.

Nditatuluka muholo muja sindinapite kunyumba. Ndinakwera minibasi ya ku Chilomoni, n'kukwera chitunda wapansi. Nyumba ya malemu ija anaichititsa lendi. Mayi amene akukhalamo, munthu wansangala ndithu, anandilola kusuzumira m'galaja. Makatoni a mazira amene anakhomedwa m'makoma kuti mawu asamabwerere anawachotsa onse, kwatsala misomali yokhayokha. Pakhoma lakumbuyo mizere ya manotsi yojambula ndi penti yakuda ikuonekabe, koma theka lake labisika ndi matumba a chakudya cha nkhuku. Windo losweka analitseka ndi lata. Kudenga kukulendewera mababu otenthetsera anapiye, ndipo m'chipinda monse muli fungo la mankhwala opopera.

"Anapiye afika Lolemba," mayiwo anatero. "Koma tandiuzani, achemwali, timaenje iti pansipa n'ta chiyani? Abambo akunyumba akuti ndi chiswe, ine ndikuti chiswe sichiboola simenti."

Ndinayang'ana. Chakumanzere, kumene tinkakhala a chelo, simenti inali ndi timaenje tating'ono, tosalala, pamene mwendo wachitsulo wa chelo unkaponda Loweruka ndi Loweruka. Ndinawauza kuti si chiswe.

"Chabwino, bola si chiswe," mayiwo anatero.

Anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, n'kukhuthula thumba la utuchi, n'kuyamba kuuyala ndi tsache.